Kodi magolovesi ndi masiki n'zokwanira kwa munthu wotola zinthu kumtaya?

Funso: Achimwene anga amatola mabotolo, zitsulo ndi mawaya kumtaya wa zinyalala, ndipo banja lawo lonse limadalira ntchito imeneyi. Ndinawagulira magolovesi ndi masiki koma amavala mwa apo ndi apo. Masiku ano akutsokomola kwambiri, m'manja mwawo simutha mabala, ndipo nthawi zina amapita ndi mwana wawo wa zaka 6. Kodi choopsa kwenikweni pa ntchitoyi n'chiyani? Ndiwauze kuti asiye?

Yankho: Mayi, ndiyambire kumene mwathera. Sindikulangizani kuti muwaletse, pokhapokha ngati mwawapezera kwina kopezera ndalama. Munthu amene akulera ana ndi mabotolo sasiya chifukwa choti mlongo wake wadandaula. Chimene amasiya ndi kukuuzani zomwe zikumuchitikira. Koma pali zinthu ziwiri zosadikira mawa: mwanayo asapondenso kumtaya, ndipo chifuwacho chikayezedwe kuchipatala sabata yomwe ino. Zinazo tiyeni tikambirane modekha, chifukwa zoopsa za ntchito imeneyi zimasiyana kukula, ndipo kawirikawiri anthu amaopa fungo ndi ntchentche n'kusiya zimene zimaphadi.

Achimwene anuwo sali okha. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, limayerekeza kuti anthu 15 mpaka 20 miliyoni padziko lapansi amadya potola zinthu m'zinyalala, ndipo ochuluka ali m'mayiko amene akutukuka kumene. Lipoti la World Bank la 2018 linanena kuti m'mayiko osauka kwambiri, zinyalala 93 pa 100 zilizonse zimangotayidwa pamtetete, osakwirira, osasankha. Nkhani yagona pamenepa. Botolo la pulasitiki palokha silidwalitsa munthu, katoni siipha. Chimene chimavulaza n'chakuti botololo limafika kumtaya litasakanikirana ndi singano ya kuchipatala, thewera la mwana wotsegula m'mimba, galasi losweka, batire lotha ndi chigubu cha mankhwala ophera tizilombo, zonse m'thumba limodzi lakuda limene wotola amaling'amba ndi manja asakuona zam'kati. Ngozi zambiri za kumtaya zimayambira kutali ndi mtayawo, m'nyumba, m'zipatala ndi m'mafakitale momwe anthu amaponyera zonse pamodzi. Magolovesi amangofika pothera pa vutolo.

Tiyambe ndi manja, poti mwati simutha mabala. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati pa zinyalala zochokera m'zipatala, pafupifupi 15 pa 100 ndi zoopsa, ndipo chaka chilichonse anthu amabayidwa majakisoni pafupifupi 16 biliyoni padziko lonse. Si singano zonsezi zimene zimawotchedwa kapena kutayidwa moyenera. Zina zimachokera m'zipatala zing'onozing'ono zosayang'aniridwa, zina m'nyumba za odwala shuga amene amadzibaya okha, ndipo zonse zimakathera m'lole imodzi ndi makoko a mbatata. Munthu akabayidwa ndi singano yotere, maganizo ake amathamangira ku HIV. N'zomveka, koma manambala amaloza kwina. Ngati singanoyo yangochoka kumene m'thupi la munthu amene ali ndi kachilombo, mwayi wotenga HIV ndi pafupifupi 3 pa 1,000, wotenga matenda a chiwindi a mtundu wa C ndi pafupifupi 2 pa 100, pomwe wa mtundu wa B umafika pa 30 pa 100. Kuwonjezera apo, kachilombo ka HIV kamafooka msanga kakakhala kunja kwa thupi, koma ka mtundu wa B kamatha kukhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo.

Akuluakulu ambiri amene atenga kachilombo ka mtundu wa B amachira okha, koma mwa ena kamakhazikika mwakachetechete, munthu osamva kupweteka paliponse, mpaka patapita zaka chiwindi chitauma kapena chitagwidwa ndi khansa. Chabwino n'chakuti katemera wake alipo, amabayidwa katatu, ndipo amateteza bwino kwambiri. Mayiko ambiri anayamba kubaya makanda katemerayu m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, kutanthauza kuti anthu ambiri amene lero ndi abambo ndi amayi sanalandire. Mukanandifunsa kuti pakati pa magolovesi ndi katemerayu ndalama zanu zipite kuti choyamba, ndikanati katemera. Ayambe ayezetsa magazi kuti zidziwike ngati alibe kale kachilomboko.

Tsiku limene abayidwa ndi singano, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda. Asayamwe magazi ndi pakamwa, asafinye mwamphamvu, ndipo asathirepo palafini, asidi wa batire kapena mankhwala oyeretsera zovala, chifukwa zimenezi zimangowotcha mnofu n'kukulitsa bala. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, anene mosabisa kuti ndi singano ya m'zinyalala. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amateteza ku HIV munthu akabayidwa, koma amafunika kuyamba asanathe maola 72, makamaka tsiku loyamba lomwelo, ndipo amamwedwa masiku 28. Anthu ambiri amaphonya mwayiwu chifukwa chofuna kumaliza kaye ntchito ya tsikulo, mawa n'kuona kuti pabalapo pauma.

Mabala a galasi, malata ndi misomali ali ndi mdani wawo, kafumbata. Anthu amati amabwera ndi dzimbiri, koma dzimbirilo si ndilo limadwalitsa. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala lakuya, lopapatiza, losalowa mpweya, ngati la msomali wobaya kuphazi. Zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada zimauma, khosi limalimba, kenako thupi lonse limakungika. Akafika pamenepo, ngakhale chipatala chabwino chimavutika naye. Pano abambo ndi amene ali pangozi kwambiri, chifukwa amayi amalandira katemera wa kafumbata akakhala oyembekezera, pomwe abambo ambiri anabayidwa komaliza ali makanda. Ngati bala ndi lakuda ndipo papita zaka zoposa 5 chibayidwireni, pamafunika katemera wina. Bala limene latupa, likutentha, likutuluka mafinya, kapena kufiira kwake kukukwera m'mkono, likufuna mankhwala a kuchipatala. Kumanga kansanza sikuthandiza.

Tsopano za magolovesi anu aja. Musawaone achimwene ngati osamva. Wotola amalipidwa pa kulemera kwa zimene watola, ndipo amasiyanitsa mitundu ya pulasitiki ndi zitsulo ndi zala zake. Magolovesi okhuthala amamuchedwetsa, amatenthetsa, manja amanyowa thukuta mpaka khungu kusupuka. Opyapyala amang'ambika ola lisanathe. Ndipo ndinene zoona: magolovesi wamba amachepetsa kuchekedwa ndi galasi, koma singano imaboola. Chimene chimateteza kwambiri ndi kagwiridwe ka ntchito. Thumba alikhuthule pansi n'kulimwaza ndi kachitsulo kokowera, asapisemo dzanja. Asalipanikize ndi manja kapena ndi bondo kuti lichepe. Asalikumbatire ponyamula. Kuphazi kukhale nsapato ya chidendene ndi pansi pokhuthala, chifukwa pamtaya munthu amaponda zimene sakuziona, ndipo patapata kapena nsapato yansalu n'chimodzimodzi kuyenda wopanda kanthu. Magolovesiwo avale ndithu, koma azichapidwa ndi kuumitsidwa mkati. Golovesi yonyowa, yodzaza dothi, yovalidwa pamwamba pa bala, imachita zoipa kuposa dzanja lopanda kanthu.

Chifuwacho chikhoza kuchokera ku zinthu zingapo. Mitaya yambiri imafuka utsi usana ndi usiku. Zinyalala zowola zimatulutsa mpweya wa methane umene umayaka mosavuta, ndipo moto ukalowa pansi umanyeka kwa miyezi osaoneka malawi. Moto wina amayatsa ndi anthu, kuti zinyalala zichepe kapena kuti zitsulo zionekere. Utsi wa pulasitiki, matayala ndi mipando ya siponji uli ndi tinthu ting'onoting'ono timene timalowa mpaka pansi pa mapapo. Pulasitiki wa mtundu wa PVC, amene amakutira mawaya ambiri, akamapsa amatulutsa mpweya wa asidi wowotcha kukhosi ndiponso poizoni wotchedwa dioxin, amene amaunjikana m'mafuta a m'thupi ndipo ali m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Munthu wopuma zimenezi tsiku ndi tsiku amayamba ndi kutsokomola ndi maso ofiira, kenako mphumu, ndipo pakapita zaka mapapo amawonongeka mosachiritsika, moti kukwera kamtunda kakang'ono kumamuthetsa mpweya.

Masiki yansalu kapena yopyapyala ya kuchipatala imatchinga fumbi lalikulu basi. Ya mtundu wa N95, ikakhala yothina bwino kumaso, imasefa tinthu ta mu utsi, koma mpweya wapoizoni umadutsabe. Choncho chitetezo chenicheni ndi kuchoka mu utsimo: kugwirira ntchito mbali imene mphepo ikuchokera, ndi kusiya kuwotcha mawaya. Pa nkhani ya mawayayi, dziko linaphunzira zambiri ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anyamata ankawotcha milu ya mawaya a makompyuta ndi mafiriji kuti apeze mkuwa. Kafukufuku wa 2019 anapeza dioxin wochuluka modetsa nkhawa m'mazira a nkhuku zongoyendayenda pamalopo. Ndiye kuti poizoniyo sanathere mwa owotchawo, analowa m'dothi, m'nkhuku, mpaka m'mbale za anthu amene sanagwirepo waya. Kusenda waya ndi mpeni n'kochedwa, sindikana, koma ogula ambiri amalipira bwino mkuwa wowala kusiyana ndi wakuda wopserera.

Komabe musangoti ndi utsi n'kukhala pansi. Chifuwa chimene chatha masabata awiri chimafuna kuyezetsa makhololo kuti aone ngati si chifuwa chachikulu cha TB, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku, akuwonda, akutentha thupi madzulo kapena akulavula magazi. TB sichokera m'zinyalala, imachokera kwa munthu wina, koma mapapo otopa ndi utsi, kudya mosakwanira ndi kugona mothithikana zimaitsegulira njira. Ndipo ngati ndi TB, mwana uja ndi ena onse a m'nyumbamo afunika kuonedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse kuposa zonse, chifukwa sichinunkha, sichipweteka poyamba, ndipo chimatsatira munthu mpaka kunyumba. Ndi mtovu. Umapezeka wambiri m'mabatire a galimoto ndi a sola, komanso m'zolumikizira za m'kati mwa mawailesi, ma TV ndi makompyuta akale, ndi mu penti wina wakale. Mtovu uli ndi msika, motero anthu amaphwanya mabatire ndi nkhwangwa, kutaya asidi pansi, kenako kusungunula mtovuwo pamoto. Fumbi lake limakhala m'dothi kwa zaka zambirimbiri. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, anthu ankaphwanya mabatire kwa nthawi yaitali, ndipo mtengo wa mtovu utakwera anayamba kusefa dothi la pamalopo kuti apezemo tizidutswa, ena n'kumatengera matumba a dothilo kunyumba. Kuyambira chakumapeto kwa 2007 mpaka kumayambiriro kwa 2008, ana 18 anamwalira. Ankakomoka ndi kugwedezeka ngati a khunyu, ndipo panapita nthawi anthu asanazindikire chimene chikuwapha.

Chifukwa chiyani ana? Mwana amaseweretsa dothi ndi kuika zala m'kamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi la munthu wamkulu. Ubongo wake ukadali kukula. WHO imanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza. Wochepa chabe umachepetsa nzeru, mwana amavutika kumvetsera m'kalasi, amakhala waukali kapena wofooka, magazi amachepa, ndipo makolo amangoti mwanayu ndi wopanda mutu. Zimene zawonongeka mu ubongo sizibwerera. Kwa wamkulu, mtovu umabweretsa kupweteka kwa m'mimba, kudzimbidwa, kutopa, kufooka kwa manja, kuthamanga kwa magazi ndi kuwonongeka kwa impso. Umasungika m'mafupa, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatulukamo n'kupita kwa mwana wosabadwayo.

N'chifukwa chake kungoletsa mwana kupita kumtaya sikokwanira ngati mtayawo ukubwera kunyumba. Funsani achimwene kuti zimene atola amasankhira kuti. Ngati ndi pakhomo pomwe ana amasewera ndi pomwe amaphikira, asamutse. Batire alipereke lathunthu kwa ogula, asaliphwanye, asalisungunule. Zovala ndi nsapato za kuntchito zivulidwe panja, zichapidwe pazokha, ndipo asambe asananyamule mwana. Mababu aatali a magetsi aja asaswedwe, muli poizoni wotchedwa mercury. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo chisasanduke chotungira madzi kapena chosungira mafuta ophikira, ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa mankhwalawo amalowerera m'pulasitiki. Mabatire ang'onoang'ono a m'mafoni ndi zitini za mankhwala opopera zimaphulika zikabooledwa kapena zikagwera pamoto.

Kwa otola zitsulo pali ngozi ina yosachitika kawirikawiri, koma ndiitchule chifukwa ikachitika imakhala yaikulu. Mu 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awiri anatenga chitsulo m'chipatala cha khansa chimene chinasiyidwa, n'kukachigulitsa kwa wogula zitsulo zakale. M'kati mwake munali ufa wowala mwa mtundu wa buluu mumdima, ndipo anthu anagawana poona kukongola. Unali caesium-137, wotulutsa radiation, mphamvu yosaoneka imene imawononga thupi. Anthu 4 anamwalira, mmodzi mwa iwo mtsikana wa zaka 6, anthu 249 anapezeka ndi ufawo m'thupi, pakhungu kapena pa zovala, ndipo oposa 100,000 anachita kuyezedwa. Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku Samut Prakan ku Thailand mu 2000 ndi ku Mayapuri mumzinda wa Delhi mu 2010. Chitsulo chaching'ono koma cholemera modabwitsa, chotsekedwa mbali zonse, chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu akuda pa chikasu, chisatsegulidwe ndipo chisanyamulidwe. Achokepo, adziwitse akuluakulu a boma.

Zambiri mwa zimene ndatchulazi zimapha pang'onopang'ono. Zimene zimapha pompopompo ndi magalimoto ndi mulu wa zinyalala womwewo. Lole ikafika, aliyense amathamangira kumbuyo kwake kuti apeze zabwino anzake asanatole, woyendetsa akubwerera m'mbuyo osaona kanthu, makina okankha zinyalala akubwera mbali ina, utsi uli tolo. Anthu amapondedwa ndi kukwiriridwa motere m'mitaya yambiri, ndipo imfa zambiri zotere sizilembedwa paliponse. Mwana wa zaka 6 woyendetsa sangamuone n'komwe. Milu nayo imagumuka. Ku Payatas, kufupi ndi Manila ku Philippines, phiri la zinyalala linagumuka mu July 2000 mvula itagwa kwa masiku angapo, ndipo anthu oposa 200 anafa. Ku Koshe mumzinda wa Addis Ababa, mu March 2017, anafa anthu oposa 110, ambiri amayi ndi ana. Ku Hulene mumzinda wa Maputo, mu February 2018, anafa osachepera 16, ndipo ku Kiteezi mumzinda wa Kampala, mu August 2024, anafa oposa 30. Ambiri mwa anthuwa anafera m'nyumba zawo zomangidwa m'munsi mwa mulu. Zinyalala zosapanikizidwa bwino zimamwa madzi, mpweya umadzaza m'kati, moto wapansi umasiya mphako, tsiku lina mbali yonse imangotsetsereka. Mvula ikagwa yambiri, achimwene asagwire ntchito m'munsi mwa mulu wautali kapena pamwamba pomwe pang'ambika, ndipo ngati nyumba yawo yayandikana ndi muluwo, nkhani yosamuka ndi yofunika kuposa zonse zimene ndalemba pano.

Matenda a m'mimba mukuwadziwa kale: kolera, tayifodi, kamwazi ndi njoka za m'mimba, zonse zochokera ku chimbudzi cha anthu chimene chimabwera m'mathewera ndi m'mapepala. Njira yake ndi dzanja lopita kukamwa, podya kapena posuta fodya. Botolo la madzi oyera ndi kachidutswa ka sopo m'thumba zimathandiza kwambiri. Chakudya chotola pamtaya, ngakhale chili m'paketi yosatsegula, n'choopsa, koma ndikudziwa kuti amene amadya sachita dala. Matenda amene anthu ambiri sawadziwa ndi leptospirosis, ochokera mu mkodzo wa makoswe, amene amalowera pabala munthu akaponda madzi odikha. Amayamba ngati malungo, kutentha thupi ndi mutu, koma amapwetekanso akatumba a miyendo, maso amafiira, nthawi zina chikasu chimabwera ndipo impso zimaleka kugwira ntchito. Ngati kuchipatala ayeza malungo osawapeza, awauze adokotala za makoswe ndi madziwo, poti mankhwala ake alipo ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga. Galu wa pamtaya akaluma kapena kukanda, atsuke balalo ndi sopo kwa mphindi 15, apite kukabayitsa katemera wa chiwewe tsiku lomwelo. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichiritsika.

Msana, mawondo ndi mapewa ndiye pafupifupi wotola aliyense amadandaula nazo, chifukwa chowerama tsiku lonse ndi kusenza matumba olemera. Ngolo yokankha kapena wilibala imapulumutsa msana kuposa mapiritsi. Ndipo pa mapiritsipo ndichenjeze: kumwa mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac tsiku ndi tsiku, munthu akugwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira, kumawononga impso ndi m'mimba. Amayi otola amakumananso ndi zawozawo. WHO inanena mu 2021 kuti amayi okwana mpaka 12.9 miliyoni amagwira ntchito ya zinyalala mosalembedwa. Pamtaya sipakhala chimbudzi kapena pobisala, motero ena amadzimana madzi kuti asafune kukodza, ena amachitidwa nkhanza, ndipo nthawi zambiri amasiyiridwa zinthu zotsika mtengo amuna atatola kale zitsulo.

Pali vuto lina limene silioneka pa makina oyezera. Otola zinyalala amanyozedwa, amathamangitsidwa ngati akuba, amatchedwa amisala. Pa 1 March chaka chilichonse otola zinyalala padziko lonse amakumbukira anzawo amene anaphedwa mu 1992 ku Barranquilla, m'dziko la Colombia, atawanyengerera kuti alowe pa yunivesite ina kukatenga makatoni, matupi awo n'kugwiritsidwa ntchito pophunzitsira. Kunyozedwa kotere kumakhudza thanzi mwachindunji. Munthu wochita manyazi ndi fungo la zovala zake amachedwa kupita kuchipatala, ndipo akafika amabisa ntchito yake. Dokotala amene sakudziwa kuti wodwala wake amaphwanya mabatire adzapereka mankhwala a zilonda za m'mimba kwa munthu amene ali ndi mtovu m'magazi. Ngati mungathe, aperekezeni achimwene kuchipatala, ndipo ntchito yawo itchulidwe poyamba penipeni.

Nanga kodi pali kumene zinthu zinasinthako? Kulipo, ndipo sikuti anagawa magolovesi ambiri. Mumzinda wa Pune ku India, otola zinyalala, ambiri a iwo amayi, anapanga bungwe lawo mu 1993. Anamenyera kuti khonsolo ya mzinda iwapatse ziphaso, kenako inshulansi ya zaumoyo, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa kopaletivi yotchedwa SWaCH imene imatenga zinyalala khomo ndi khomo. Kusiyana kwake n'kwakukulu: munthu amalandira zinyalala pakhomo zisanasakanikirane ndi za m'zipatala, zisanawole, kutali ndi utsi ndi makina. Anayambitsanso zopempha anthu kuti mathewera ndi zovala za amayi za kumwezi azizikulunga m'pepala n'kuikapo kadontho kofiira, kuti wotola asazitsegule. Ku Bogotá, likulu la dziko la Colombia, makhoti atagamula mokomera otola zinyalala, mzindawo unayamba kuwalipira mu 2013 pa kulemera kwa zimene asonkhanitsa, monga momwe umalipirira makampani onyamula zinyalala. Brazil inazindikira kutola zinyalala ngati ntchito yovomerezeka mu 2002, ndipo lamulo lake la zinyalala la 2010 limalimbikitsa mizinda kugwira ntchito ndi makopaletivi a otola.

Sindikuti m'malo amenewa mavuto anatha. Koma ndimatsutsana ndi amene amaganiza kuti mankhwala ake ndi kumanga mpanda ndi kuika alonda. Mitaya yapamtetete iyenera kutsekedwa ndithu, monga unatsekedwera wa Jardim Gramacho kufupi ndi mzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil mu 2012, koma ikatsekedwa popanda kuganizira amene amadya pamenepo, anthuwo sasowa. Amalowa usiku podumpha mpanda, kutola mumdima pomwe singano siioneka, ndipo akavulala amaopa kunena. Mzinda umene ukufunadi kuteteza anthuwa umayamba ndi kuonetsetsa kuti zinyalala za m'zipatala zili ndi njira yakeyake, kenako kuphunzitsa anthu kupatula zowola ndi zouma m'nyumba zawo. Ngakhale inu ndi ine tili ndi gawo: galasi losweka ndi malezala tizikulunge, singano tiziike m'botolo lolimba lotsekedwa n'kuzibweza kuchipatala.

Ngati pamtaya pomwe achimwene amagwira ntchito pali gulu la otola, alowemo, ndipo ngati palibe, anthu ochepa akhoza kuliyambitsa. Munthu mmodzi akapita kukhonsolo amabwezedwa pakhomo, koma gulu limatha kupempha zinthu zotheka: thanki ya madzi ndi sopo, chimbudzi, munthu woimika anthu patali mpaka lole itamaliza kukhuthula, malo apadera otayirako za m'zipatala, ndi tsiku limene azaumoyo angabwere kudzabaya katemera wa kafumbata ndi wa chiwindi pamalo pomwepo. Magulu ena amasinthana kusunga ana kutali ndi mtaya, chifukwa kholo silitengera mwana kumeneko mwa kufuna, limasowa womusiyira. Pamenepa inu monga azakhali ake mukhoza kuthandiza kuposa wina aliyense. Ndipo ngati mabatire anaphwanyidwapo kapena mawaya anawotchedwapo pakhomo pawo, mukanene zimenezi kuchipatala, mupemphe kuti mwanayo amuyeze kuchuluka kwa magazi, komanso mtovu ngati chipatalacho chili ndi zoyezera kapena chingakutumizeni kumene zili.